Kapeti ya timipira ta ulusi ya kuchipinda kwa mwana: kapangidwe kake

Kuno ku Kasungu, June ndi July kumazizira kosati masewera. Masana dzuwa limawala bwinobwino, koma m'mawa simenti ya m'nyumba imakhala ngati mwala wa kumtsinje. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 4 ankakana kutsika pabedi. Ankakhala m'mphepete atapinda miyendo, n'kumaitana kuti, "Amama, dzandinyamuleni, pansi pakuluma." Mkeka ndinayalapo, koma mkeka sutenthetsa mapazi. Ndiye tsiku lina ndinaona pa Facebook chithunzi cha kapeti yopangidwa ndi timipira ta ulusi, tija timakhala pamwamba pa chipewa cha mwana, timene pa intaneti amati pom-pom. Ndinati iyi ndiipanga ndekha.

Yoyambayo sinakhalitse. Inali yokongola, koma pasanathe milungu iwiri ulusi unali mbwee nyumba yonse, pansi pa bedi, m'tsache, ngakhale m'tsitsi la mwana. Vuto linali limodzi: timipirato ndinkatimanga pakati ndi ulusi wofewa womwewo, mfundo imodzi yokha. Yachiwiri ndinaimanga bwino, ndipo yatha nyengo yachisanu katatu ikadali yolimba. Choncho m'malangizo onsewa, mukaiwala zina, musaiwale za mfundo ya pakati pa kampira. Mphamvu yonse ya kapeti ili pamenepo.

Ulusi ndi kumene mungaupeze

Ulusi wake ndi womwe uja timalukira zipewa ndi majuzi a ana, umene m'masitolo amati wulu. Wambiri umene timagula kuno ndi wa acrylic, wopangidwa kufakitale, osati ubweya weniweni wa nkhosa. Pa ntchito iyi ndi wabwino ndithu, chifukwa umauma msanga ukachapidwa ndipo sufota. Sankhani wokhuthalako. Wopyapyala kwambiri udzakutopetsani pokulunga.

Ntchitoyi imadya ulusi, ndikuuzirenitu. Kampira kamodzi kodzaza bwino, kotalika masentimita 6 kapena 7, kamatenga magalamu pafupifupi 11. Ndiye kuti mpukutu wa magalamu 100 umatulutsa timipira 8, 9, mwina 10 ngati mukusamala. Kugula wonse watsopano ndi ndalama zambiri, n'chifukwa chake ine theka la ulusi wanga ndinalipeza pa kaunjika mumsika wa pa boma. Majuzi akale, aja anthu amawadumpha chifukwa abooka pachigongono kapena akula khosi, amatsika mtengo, koma ulusi wake umakhala udakali wabwino.

Posankha juzi yoti mumasule, itembenuzeni muone msoko wa m'mbali. Ngati msokowo ndi wodulidwa n'kupitidwa ndi makina aja amazinga m'mphepete, isiyeni, chifukwa mzere uliwonse udzatuluka kachidutswa kakafupi. Funani imene zigawo zake zinalukidwa pachokhapachokha n'kulumikizidwa ndi ulusi umodzi woyenda ngati tcheni. Imeneyo mukapeza nsonga yake, msoko wonse umangosomphoka, kenako mumayamba kumasula kuchokera kumtunda, kukhosi kapena paphewa, n'kumakulunga mpukutu wanu. Ichapeni juziyo musanaimasule. Ulusi udzatuluka wopotanapotana, koma musadandaule nazo. Kupotanako kumapangitsa kampira kufufuma bwino kuposa ulusi watsopano. Wofiira ndi wabuluu muuviike kaye m'madzi a sopo muone ngati ukusuluka, ungadzathimbirire mitundu inzake.

Zina zofunika ndi zochepa. Sizasi yakuthwa kwenikweni, osati ija ana amadulira mapepala. Kachidutswa ka katoni yolimba. Singano yaikulu yosokera matumba. Choko kapena cholembera chakuda. Chubu chakale cha njinga. Ndipo chingwe chomangira pakati, chimene chiyenera kukhala chopyapyala koma chosaduka mukachikoka ndi mphamvu zanu zonse. Ine ndimagwiritsa ntchito ulusi uja amasokera nsapato, ndimagula kwa osoka nsapato mumsika momwemo. Umaterera pang'ono, ndiye ndimaupaka kandulo, kuukoka kawiri katatu pa kandulopo, kuti mfundo izigwira.

Pansi pake, pomangirira timipirato, chiguduli ndiye chabwino. Kuno kwathu kolima fodya sichisowa. Koma chimene chinakulungapo kale fodya fungo lake silitha msanga, ndipo si loyenera kuchipinda kwa mwana, choncho pezani chatsopano. Chikasowa, thumba la ufa kapena la shuga lochapidwa bwino limagwira ntchito mukaliphatikiza pawiri. Thumba la feteleza ayi. Limene munasungiramo chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe, ayinso, ngakhale mutalichapa kangati. Mwana adzagona chafufumimba pa kapetiyi, nkhope ili pomwepo.

Yezani kaye malo

Musanadule chilichonse, pitani kuchipindako muyeze pamene kapeti idzakhale. Ya m'mbali mwa bedi, masentimita 60 m'lifupi ndi 90 m'litali imakwana. Timipira timatalikirana masentimita 6, ndiye mizere 10 ya timipira 15, tonse pamodzi 150. Ulusi wake ndi mipukutu 17 kapena 18 ya magalamu 100. Ngati ndi koyamba, ndikulangizani muyambe ndi yaing'ono, ya masentimita 48 ndi 72. Imeneyo ndi mizere 8 ya timipira 12, tonse 96, mipukutu pafupifupi 11. Ambiri amene ndawaona akusiyira panjira anayamba ndi yaikulu yoti idzaze chipinda chonse, atafika pa kampira ka nambala 40 manja n'kulefuka.

Kupanga kampira

Dulani katoni ikhale masentimita 8 m'lifupi, m'litali 12 kapena kuposerapo. Pakati pake, kuchokera kumapeto kumodzi, dulani mpata wopyapyala wolowa mpaka kupitirira theka, katoniyo ioneke ngati mphanda. Mpata umenewu ndi wodzapitsiramo chingwe.

Tengani nsonga ziwiri za ulusi nthawi imodzi, kaya kuchokera ku mipukutu iwiri kaya umodzi kunja ndi mkati, n'kuyamba kukulunga mopingasa pa katoni, modutsa pamwamba pa mpata uja. Kulungani maulendo 100. Poti ulusi ndi uwiri, ndiye kuti mwakulunga 200. Musakoke kwambiri mpaka katoni kupindika, komanso musalekerere. Muziunjika pamalo amodzi, mulu wake usamwazike kupitirira zala zitatu. Mukachepetsa maulendo kuti mupulumutse ulusi, kampira kamatuluka kopepera ngati nkhuku yonyowa, ndipo mwana akangopondapo kamaphwatalala osadzukanso. Ulusi ukakhala wokhuthala kwambiri, maulendo 70 akwana. Pangani kamodzi koyesera, mukaone, kenako musunge nambala imeneyo pa tonse kuti tifanane.

Tsopano mfundo ija. Dulani chingwe chotalika masentimita 40. Chipitseni pa mpata wa katoni, chizungulire mulu wonse wa ulusi, kutsogolo ndi kumbuyo, pakatikati penipeni. Chizungulitseni kawiri, osati kamodzi. Pomanga, musapitse nsonga kamodzi ngati mukumanga nsapato. Ipitseni kawiri, kenako kokani. Kupitsa kawiriko kumachititsa kuti chingwe chisabwerere m'mbuyo pamene mukukonzekera mfundo yachiwiri. Kokani mpaka mumve chingwe chikulowa m'zala, mulu wa ulusi utaphwanyika pakati ngati chiuno cha mavu. Ngati chikukuchekani, kulungani nsonga zake pa timitengo tiwiri kapena pa mapensulo, muzikokera pamenepo. Mangani mfundo yachiwiri pamwamba pake. Mukatero vulani muluwo pa katoni, muutembenuze, mupititse nsonga zija mbali inayo, mumangenso mfundo ziwiri kumeneko.

Pakakhala wina pafupi, mupempheni aike chala pa mfundo yoyamba pamene mukumanga yachiwiri. Kwathu ntchito imeneyi ankagwira apongozi anga akabwera kudzacheza kuchokera ku Santhe. Ankakhala pamkeka, chala chili pa mfundo, n'kumandiuza kuti, "Kokaninso, mayi, sichinalire." Ankanena zoona. Chingwe chikafika pothina kwenikweni chimamveka kulira pang'ono, ndipo kuyambira pamenepo ndimamvetsera kaphokoso kameneko pa kampira kalikonse.

Nsonga ziwiri za chingwe musazidule. Ndi zimene mudzamangirire kampira pa chiguduli. Zigwireni m'dzanja limodzi kuti sizasi isazipeze, kenako lowetsani sizasi m'mapindo a ulusi mbali imodzi, dulani onse, mupite mbali inayo muchite chimodzimodzi. Kagwedezeni, mukafikise m'manja ngati mukuumba mbamu ya nsima.

Kayeseni musanapitirire. Gwirani ulusi umodzi muukoke pang'ono. Ukasololoka mosavuta, mfundo sinagwire, ndipo ndi bwino kumanganso chingwe china pakati pomwepo nthawi yomweyo. Kunena zoona, ulusi wa kampira kalikonse umatuluka munthu akaukoka ndi mphamvu, chifukwa palibe chimene chaugwira koma kuthina kwa chingwecho. Chimene tikufuna n'chakuti usamatuluke pongopondedwa kapena pokutumula.

Njira yachangu ya mpando

Kupanga timipira 150 kamodzikamodzi ndi ntchito ya masiku ambiri. Ine ndinkapanga 10 madzulo alionse ndikatha kutsuka mbale. Nditazolowera ndinayamba kugwiritsa ntchito mpando. Gadabuzani mpando wa thabwa kapena benchi, miyendo iloze kumwamba. Kulungani ulusi uwiri uja kuzungulira miyendo iwiri maulendo 100. Apanso mbali ziwiri za ulusi mudzazimanga pamodzi, ndiye kukhuthala kwake kumafanana ndi kwa pa katoni kuja.  Kenako mangani zingwe motsatana, kusiya masentimita 8 pakati pa chingwe ndi chinzake, chilichonse ndi mfundo zonse zija. Mukamaliza, vulani pa miyendo n'kudula pakatikati pa zingwe ziwiri zilizonse. Pa mpando wamba mumatuluka timipira 4 kapena 5 nthawi imodzi. Chenjezo langa ndi lakuti mulu wa pa mpando umakhala wokokeka, ndiye mfundo imaoneka ngati yathina pamene sinathine. Mukavula, thinitsaninso chingwe chilichonse musanadule.

Kumeta

Kampira kongodulidwa kumene kamakhala konyankhalala. Kameteni mozungulira, pang'onopang'ono, mpaka kakhale kobulungira. Mukameta kwambiri m'pamene kamaoneka kodzaza ndi kosalala, koma kamachepa, ndiye kasachepere masentimita 6. Dulani katoni yozungulira ya muyeso umenewo, muziika pamwamba pa kampira n'kumameta zotulukira m'mbali. Mbali ya pansi, kumene kuli nsonga za chingwe, sikufuna kukongoletsa, sikudzaoneka. Meterani m'beseni, pamalo opanda mphepo, mwana wamng'ono ali kutali. Tizidutswato musataye, sungani m'jumbo, timakhala tabwino kuika mu pilo kapena m'chidole.

Kukonza chiguduli

Chichapeni kaye n'kuchiyanika, chifukwa chimafota chikalowa m'madzi koyamba. Mukachidula musanachape, kapeti idzakwinyika tsiku loyamba kuichapa. Dulani moonjezera masentimita 4 mbali zonse, ndiye kuti ya 60 ndi 90 mudule 68 ndi 98. Pindani m'mphepete kawiri n'kusoka, ndi manja kapena kwa atelala, apo ayi chiguduli chimayamba kusomphoka chokha. Kenako jambulani mizere ndi choko, woyamba masentimita 3 kuchokera m'mphepete, yotsatira motalikirana masentimita 6, m'litali ndi m'lifupi momwe. Pamene mizere yakumana ndi pamene pakhale kampira.

Musanamange, yalani timipira tonse pa chigudulipo muone maonekedwe ake. Apa muitaneni mwini chipinda. Wanga anasankha yekha kuti achikasu akhale pakati ngati dzuwa, obiriwira m'mbali, ndipo mpaka lero amauza anzake kuti kapetiyo anapanga ndi iye. Mukakhutira, jambulani ndi foni kuti musaiwale. Za mitundu, maganizo anga ndi akuti woyera muupewe kapena ukhale wochepa. Fumbi la kuno la September ndi October silichedwa kuusandutsa wofiirira. Mitundu yosakanikirana imabisa litsiro, ndiponso imakulolani kugwiritsa ntchito ulusi uliwonse umene mwapeza.

Kumangirira

Yambirani pakona imodzi, muziyenda mzere ndi mzere. Lowetsani nsonga imodzi ya chingwe mu singano, muboole chiguduli pafupi ndi pamene mizere yakumana. Nsonga yachiwiri ilowe pa bowo lina, motalikirana ndi loyamba pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, kuti pakati pakhale ulusi wa chiguduli unayi kapena usanu. Mukamangirira pa ulusi umodzi wokha, tsiku lina udzaduka kampira n'kuchoka. Tembenuzani, kokani nsonga ziwirizo mpaka kampira kakhale kokakamira pa chiguduli osagwedera, mangani mfundo zitatu, yoyamba yopitsa kawiri ngati poyamba paja. Siyani nsonga za masentimita 2, zotsalazo dulani.

Mukamaliza mizere iwiri, tembenuzani muone. Pitsani dzanja pamwamba. Chiguduli chikamaonekera pakati pa timipira, ndiye kuti tatalikirana, sendezani mizere yotsatira ifike pa masentimita 5. Kapeti yothithikana ndi imene imakhalitsa, chifukwa timipira timachirikizana tokhatokha. Ta m'mphepete ndi timene timavutika kwambiri, mwana amakokera pamenepo, choncho timeneto ndimatisokanso ndi singano, kulowa pakati pa kampira n'kutulukira kunsi kawiri.

Kumbuyo kwake

Kunsi kudzakhala mfundo zambirimbiri, ndipo zala za mwana zimakonda kutokosa zoterezi. Phimbani ndi nsalu yolimba, kaya chitenje chakale chopinda pawiri kaya jinzi yakutha, musokerere m'mphepete monse. Mukatero dulani malegeni kuchokera ku chubu chija, otambalala ngati zala ziwiri, muwatsuke ndi sopo, muwasokere kunsi m'makona onse anayi ndi m'mbali zazitali. Ichi musachidumphe ngati simenti yanu mumapaka polishi. Kapeti yopanda mphira pa simenti yosalala imathawa mwana akaidumphira kuchokera pabedi, ndipo amagwa chagada. Mukasoka, iyeseni nokha ndi phazi, muikankhe uku ndi uku. Ngati nyumba yanu ndi yozira, yalani kaye kamkeka pansi kuti chinyezi ndi chiswe zisafike pa chiguduli.

Moto, makanda ndi kuchapa

Ulusi wa acrylic ukakhudza moto umayaka n'kusungunuka ngati pulasitiki, ndipo umamatirira pakhungu. Mukafuna kuona nokha, yatsani kachidutswa panja: acrylic amasiya kanthu kakuda kolimba, pamene ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopsa n'kusanduka phulusa. Choncho kandulo, koloboyi, mankhwala ofukiza a udzudzu ndi mbaula zikhale kutali ndi kapetiyi. Ndikunena izi chifukwa nyengo imene kapeti imafunika kwambiri ndi yomweyo imene timakonda kulowetsa moto m'nyumba, makamaka magetsi akazima.

Kwa mwana amene akukwawa, kapena aliyense wosakwana zaka 3 amene chilichonse amaika m'kamwa, kapetiyi idikire kaye. Kachidutswa ka ulusi kakhoza kumutsamwitsa. Khanda lisagonekedwepo n'komwe, chifukwa nkhope imalowa pakati pa timipira n'kulephera kupuma bwino. Ngati wamkulu ndi wamng'ono amagona chipinda chimodzi, muziipinda masana n'kuika pamwamba, muziyala madzulo pamene wamng'onoyo ali ndi inu.

Kawiri pa mlungu itulutseni panja, muigwire m'makona awiri, muikutumule, muisiye padzuwa pang'ono. Pakati pa timipira pamabisala mchenga, nyenyeswa za chakudya, ngakhale utitiri ngati pakhomo pali galu kapena mphaka. Kuchapa kwenikweni kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu n'kokwanira, pokhapokha mwana atakodzerapo, pamenepo chapani tsiku lomwelo. Thirani madzi ozizira m'bafa lalikulu ndi sopo pang'ono, iviikeni, muziipsinya ndi manja kapena kuipondaponda ndi mapazi oyera. Osaimenyetsa pamwala, osaipotokola pofinya. Tsukuluzani mpaka thovu lithe, muiyanike pa zingwe ziwiri zoyandikana kuti kulemera kwa madzi kusaikoke mbali imodzi. Sankhani tsiku la dzuwa lamphamvu ndipo muyambe m'mawa. Musaiyanike pansi kapena pamthunzi, chifukwa ntchentche zija zimaikira mazira pa zovala zonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu la mwana, zimakonda malo otero, ndipo kapeti iyi simungaisite. Iume mpaka mkati. Lowetsani chala pakati pa timipira mukhudze chiguduli, mukamva chinyezi, ibwerere padzuwa mawa lake.

Ikauma timipira timaoneka togona. Tipeseni ndi zala kapena chipeso cha mano otalikirana, timadzuka. Nthawi yomweyo muzikoka kampira kalikonse pang'ono kuti muone ngati kena kakugwedera. Sungani timipira 5 kapena 6 tapadera m'jumbo pamodzi ndi chingwe chotsala. Kena kakatha, masulani msoko wa nsalu ya kumbuyo pafupi ndi pamenepo, dulani mfundo yake, mangani katsopano m'mabowo omwewo, n'kusokanso nsaluyo.